Sitata m'Boti la Alamu

Pa boda pa Mwanza panalibe munthu wondiposa kunenerera mtengo. Ndinkanena zimenezi poyera, ngakhale pamaso pa osintha ndalama, anthu amene ndi mayi awo omwe sawatsitsira. Lamulo langa linali limodzi: katundu amene wogulitsa akukukankhira, musiye. Amene akumubisa kumbuyo, ameneyo ndiye katundu.

Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amayendetsa thiraki. Ulendo wina anabwera kuchokera ku Joni ndi boti lachidole loyendetsa ndi limoti, lalitali ngati benchi la m'tchalitchi, loyera mbuu, la timazenera ndi timipando. Chovuta chinali chimodzi, mota yake inali yakupsa.

"Alamu, inu mumadziwa anthu," anatero. "Ndipezereni mota. Koma chonde, botili ndabwera nalo pa mpando wakutsogolo, litamangidwa lamba."

Ndinapita ku msika wa pa Boma, kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi mafani. Ndinamuonetsa mota yakupsayo. Anaitembenuza, n'kuinunkhiza, kenako anatulutsa kamota ka dirilo yoboolera, kongodzaza chikhatho.

"Aka ndiye ake. Kamadya batire pang'ono, sikatentha."

Ine maso anali kale pansi pa tebulo, pamene panali chimota chakuda, cholemera.

"Nanga icho, madala?"

"Imeneyo ndi sitata ya njinga yamoto, achimwene. Siyenera."

Ndinakumbuka lamulo langa lija. Wabisa!

"Siyenera, kapena mwasungira abale anu?"

"Sitata imagwira ntchito kanthawi kochepa, kungodzutsa injini basi. Mukaisiya izizungulira, muphika nayo mbatata. Ndipo kabokosi kolandira mawu a limoti sikangapirire moto wake."

Ndinaseka. Nyimbo imeneyi ndinkaidziwa, poti ndimaimba ndekha ndikamagulitsa. Ndinanamizira kuchoka, ndinabwerera, ndinanyoza dzimbiri lake, ndinatchula maliro amene kunalibe. Mkuluyo anakana mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza anandipatsa sitatayo pa mtengo wotsika kuposa wa kamota kaja, akupukusa mutu.

"Tsiku loyesa mundiitane," anatero. "Ndibwera ndi mpando."

Sitatayo tinaimanga m'botimo ndi mawaya ndi mphira. Lamulungu masana tinapita ku damu la mthirira kumunsi kwa mudzi. Anthu ochokera ku tchalitchi anaima m'mphepete, ndipo mkulu uja anabweradi ndi kampando kake. Botilo titaliika m'madzi, kumbuyo kunamira pang'ono, mphuno kumwamba.

"Alamu, likhala chonchi?"

"Ndi mmene amakhalira maboti a mphamvu," ndinayankha, ine amene boti lenileni sindinakwerepo.

Alamu anakankha kandodo ka limoti. Abale inu! Botilo linalira ngati chigayo, n'kudumpha. Madzi anatithira tonse. Amayi a mvano anakuwa, wina anaimba nthungululu. Ine ndinatembenukira mkulu uja kuti aone nkhope ya wopambana.

"Alamu, silikuima!"

Ndinacheuka. Alamu anali atasiya kandodo, koma boti linali pa liwiro lomwelo, likuzungulira pakati pa damu ngati nkhuku yodulidwa mutu. Kenako utsi. Poyamba woyera, kenako wakuda, ukutuluka m'timazenera tija. Fungo la pulasitiki linafika mpaka kumtunda. Boti kupsa lili pamadzi! Linaima, linapendeka, mphuno inaloza kumwamba komaliza, kenako phwii.

Alamu anayang'ana limoti ili m'manja mwawo, anandipatsa mwaulemu ndi manja awiri, n'kumapita osacheuka.

Ndinavula malaya n'kulowa m'matope. Ndinavuula chigoba chosungunuka, chopindika ngati chiwaya chakale. Sitata yokha inali bwinobwino. Nditaiumitsa padzuwa masiku awiri, inazungulira ngati palibe chinachitika.

Sabata yomweyo mkulu uja ananditumira uthenga. Wakabaza wina sitata yake inali itafa, ndipo pa Boma ponse panalibe ina. Ndinapita, ndinanenerera, ndipo ndinagulitsa pa mtengo woposa umene ndinagulira. Mkuluyo anandigwira chanza akuseka mpaka misozi.

Alamu mpaka lero akamadutsa ndi thiraki pakhomo pathu amaimba hutala kwa mlongo wawo, ine n'kundiyang'ana ngati chikwangwani cha pamsewu. Phindu lija ndinagulira akazi anga chitenje, ndipo sanachivalepo.

Ndiye tandiuzani inuyo, pamenepa anapambana ndani?