Botolo Lachiwiri la a Masiye

A Reinford Masiye a ku Croydon analawa vinyo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osamezako ngakhale dontho. Inali ntchito yawo, ndipo ndi imene inkadyetsa banja. Anthu akamva zimenezi ankaseka, eni ake osaseka, ndipo akazi awo, mayi Etta, anasiya kalekale kufotokozera anthu.

Lusoli analitengera ku Thyolo. Asanakwatire ankatsuka makapu m'chipinda cholawira tiyi pa esiteti ina, n'kumaonerera mzungu akukokera tiyi m'kamwa ndi phokoso ngati mpope wopanda madzi, kumuzunguza pa lilime, kenako n'kulavulira m'ndowa. Mzungu akatuluka, a Masiye ankayeserera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: patapita zaka ankatha kukuuzani munda umene tiyi wathyoledwa.

Mu 1965 ananyamula kalata ya munthu amene boma linali litasiya kumukonda, ndipo wina anawatsina khutu kuti akachedwa adzagona kosafuna. Mng'ono wawo Hudson anawaperekeza ku depoti ya basi ku Limbe. Podikira basi anagula botolo limodzi la mowa n'kumalandirana. Litatha, Hudson anati, "Achimwene, botolo lachiwiri tidzamwera limodzi." Wina akanati awa ndi mawu otsanzikirana chabe. A Masiye anawatenga ngati lumbiro la pa ukwati. Hudson anakhala m'ndende zaka zinayi chifukwa cha kuperekezako, ndipo nkhani ya kumangidwa kwake itawapeza a Masiye ku Lusaka kumene anathawira, lumbirolo linangolimbirako.

Ku London anayamba ndi kunyamula makireti pa sitolo ya vinyo ya bambo Paterson. Tsiku lina abwanawo anatsegula botolo loti apatse kasitomala, a Masiye ali chapatali ndi kireti pa phewa anangoti, "Limenelo lafa, bwana." Linalidi litafa, linkanunkha thumba lonyowa. Kuyambira pamenepo anawapatsa tambula ndi ndowa. Ankalawa monga ankalawira tiyi, phokoso lake lomwelo, ndipo makasitomala ena ankayesa kuti ndi mmene amachitira ku France. Ku tchalitchi kwawo mgonero unali wa madzi a zipatso, choncho kumeneko kunalibe vuto.

Mu Okutobala 1983 kunabwera kalata yowaitana. Vinyo wa mlimi wina wa ku Kent, amene a Masiye anamusankha pakati pa migolo makumi awiri, anali atalowa m'mpikisano wa alimi a mphesa a kumwera kwa England. Kunali phwando lopereka mphotho Loweruka, ndi malo ogona pa hotela ya kumudzi. Bambo Paterson anati a Masiye apite ndi mayi. Suti anabwereka, tayi anagula.

Lachisanu, a Masiye ali ku ntchito, pakhomo panagwa kalata ina, yabuluu, ya sitampa ya ku Zambia. Makalata a kumudzi ankayenda choncho: mlamu wawo wa mayi Etta, Ivy, ankalemba ku Thyolo, n'kudikira munthu wowoloka malire kuti akaponye ku Chipata, pa dzina la kwawo kwa mayi Etta. Mayi Etta anaitsegula ataimirira. Hudson anamwalira mu Epulo, ndi chifuwa chimene anatuluka nacho kundende. Anamuika pafupi ndi mayi ake. Wowoloka malire sanapezeke msanga.

Mayi Etta anakhala pa masitepe n'kulira mpaka mutu unawawawa. Hudson ndi amene anawabweretsera kalata yoyamba ya chibwenzi, ataibisa m'chipewa. Atatha kulira anasita malaya a amuna awo. Anaganiza kuti munthu amene wadikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akhoza kudikira mpaka Lamulungu, adye kaye phwando lake limodzi lokhali. Kalatayo anaiika m'kachikwama kawo ka m'manja, pansi pa mpango.

Hotelayo inali kuseri kwa Bromley, kumene basi yofiira imathera pakati pa ng'ombe, koma akuti n'ku London komweko. A Masiye anayendera chipinda chonse manja ali kumbuyo. Anapeza kapeti mpaka ku bafa, ndi matambula awiri otsukira m'kamwa.

"Malo abwino, mayi a Jenny," anauza akazi awo. "Koma chinyontho chilipo."

"Mwabwera kudzagona kapena kudzanunkhiza?"

"Mphuno siipita ku tchuthi."

Kuphwando kunadzaza alimi a nkhope zofiira ochokera ku Kent, Surrey ndi Sussex, ndi akazi awo ovala ngati makatani. Pa malo a munthu aliyense panali matambula asanu ndi mafoloko oti n'kugawira mudzi. Chakudya chokha ndiye chinali chamanyazi, kansomba kobisala pansi pa tsamba. Ndowa panalibe. A Masiye ankanyamula tambula iliyonse, kuinunkhiza, kugwedeza mutu, n'kuibwezera pamalo. Mayi wina woyandikana nawo anafunsa mayi Etta ngati amuna awo akudwala. Anayankha kuti ayi, ndi mmene alili. Kachikwama kaja kanali pa miyendo pawo.

Vinyo wa ku Kent uja anapata mendulo ya siliva. Bambo Paterson, amene anali atalawa kale matambula asanu onse ndi ena a eni ake, anakokera a Masiye kutsogolo n'kuuza anthu kuti mphuno imene yapambana ndi iyi. Wapampando wa mpikisano anadzaza tambula n'kuwapatsa m'manja. Anthu onse anaimirira ndi matambula awo. Mwambo wake unali woti wopambana ayambe kumwa, ena atsatire.

A Masiye anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anasuzumira pansi pa tebulo la wapampando. Anthu zana limodzi anali kuwadikira. Kukana kukanakhala kuchititsa manyazi abwana amene anawachotsa pa makireti. Ndiye anakweza tambula n'kukoka vinyoyo ndi phokoso lija la ku Thyolo, pafupi ndi chimkuzamawu, holo yonse inamva. Anthu anamwa, anaomba m'manja, n'kukhala pansi. A Masiye anatsala chiimirire, masaya ali tutumu.

Wapampando anawapempha kuti anene mawu awiri atatu. A Masiye anawerama mwaulemu, anatsika, n'kuyamba ulendo wobwerera ku tebulo lawo, limene linali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Ankayenda pang'onopang'ono ngati wonyamula mbale ya chopereka, maso ali pa akazi awo.

Mayi Etta mtima unawapweteka. Munthu wamkulu, wa imvi, akuvutika pamaso pa azungu kusungira pangano munthu amene udzu unamera kale pamanda pake. Mawu anali pakamwa: mezani, bambo, palibenso womudikira. Koma nkhani ya maliro sanenera pakati pa mafoloko. Anazula maluwa m'kamtsuko ka patebulo n'kuwapatsa kamtsukoko. A Masiye anatembenukira kukhoma, analavula bwinobwino, anapukuta pakamwa, n'kubwezera maluwa mmene analili.

"Ndi wabwino," anauza mayi woyandikana nawo uja. "Siliva akumuyenera. Golide ayi."

M'mawa mwake atadya mazira, mayi Etta anati akaone maluwa kuseri. Anakhala pa benchi yonyowa ndi mame, ndipo mayi Etta anatulutsa kalata ija.

"Inabwera Lachisanu. Ndinaibisa ndine. Mundikhululukire."

A Masiye anavala magalasi. Anaiwerenga kawiri, n'kuipinda motsata mizere yake.

"Epulo," anatero.

"Epulo."

A Masiye anayang'ana ng'ombe za kuseri kwa mpanda. Kenako anadzuka n'kulowa m'hotela. Anabwerako ndi botolo limene anawapatsa pamodzi ndi mendulo, ndi matambula awiri a ku bafa aja. Anadzaza onse awiri mofanana, mpaka anawayerekeza pa dzuwa. Imodzi anaithira pansi pang'onopang'ono, patsinde pa mtengo. Mayi Etta, amene kwawo anali a Mvano, anapeza chowonera kumbali.

Inayo anaikweza. Sanainunkhize, ndipo phokoso lija panalibe. Mayi Etta anaona pakhosi pawo pakuyenda. A Masiye anatsokomola, misozi n'kutsika mpaka pa tayi watsopano uja, ndipo sanaipukute.

"Ndinamusiya pa depoti atanyamula botolo lopanda kanthu," anatero. "Ankati akabweza kusitolo. Sindinacheuke n'komwe, mayi a Jenny, ndinkaopa apolisi."

Mayi Etta anawagwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo pagulu chikwatiranireni. Anakhala choncho mpaka wantchito wa pa hotela anabwera kudzawakumbutsa kuti chipinda amatuluka isanakwane leveni koloko.

Lolemba a Masiye anapita ku ntchito. Masana mayi Etta anadutsira ku sitoloko kukawasiyira chakudya chimene anaiwala, ndipo anawapeza kuseri ndi tambula m'manja, akulavulira m'ndowa monga mwa masiku onse. Anadikira kuti bambo Paterson atuluke.

"Nanga mukulavuliranjinso? Si zinatha dzulo?"

A Masiye anatsuka tambula, anaipukuta, n'kuiika pa shelefu chozondotsa.

"Anati botolo lachiwiri tidzamwera limodzi," anatero. "Za botolo lachitatu sananene."