Ndinavina Ndili M'zakuda

Ine nyimbo ndimazidziwa, wina asakunamizeni. Anthu akaona mayi wa mpango kumutu, m'manja muli zipsera za chikwakwa, amayesa kuti makutu ake anathera pa nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Ndakwera maminibasi a pakati pa Zomba ndi Domasi kuyambira ndili mtsikana, ndipo m'minibasi safunsa ngati mukufuna nyimbo kapena ayi. Kondakitala akakupanikizirani kumpando wakumbuyo, sipika ili pansi panu, nyimbo mumaimva ndi mafupa omwe. Ndiye ndikati iyi ndi nyimbo, iyi ndi phokoso chabe, ndikunena zimene ndamva ndekha.

Zambiri za masiku ano zimandikwiyitsa. Mnyamata woti tikumudziwa, mayi ake amagulitsa zitumbuwa pamsika, mukamuona mu vidiyo watsamira galimoto yobwereka, magalasi akuda kumaso, akumwaza ndalama m'dziwe losambiramo la ku loji. Mawu anawadutsitsa m'makina mpaka akumveka ngati udzudzu uli m'chitini. Atsikana amuzungulira ngati pali zogawa. Mukatchera khutu kuti mumve chimene chikumuwawa, ndi "bebi, bebi" kuyambira poyamba mpaka pothera. Bebi wake uti? Koma sindili m'gulu la aja amati zonse za ana ano n'zausatana. Zilipo zina, za ng'oma yolemera ija inachokera ku Joni, zoti zikagunda mwendo umayamba wokha ngakhale uli pamzere wa kuchigayo. Ziliponso za ana ongoimba ndi gitala m'chipinda, opanda wowakankha kumbuyo, zoti ukazimva umaika lichero pansi. Zanga ndi zimenezo.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ndi mmodzi wa oimba a m'chipindawo. Amakhala ku Zomba, ndipo nyimbo zake amajambulira kwa mnzake wina amene anakhoma mabulangeti m'makoma kuti phokoso la pamsewu lisalowe. Malemu bambo ake ankamunyoza pamaso. "Gitala sadya," ankatero. Koma mwanayo akatembenuka, ankandinong'oneza kuti ndimuuze awaikire nyimbozo mufoni mwawo, ndipo ankapita nazo kudambo zikulira m'thumba la malaya.

Bambowa anatisiya m'dzinja, mpunga titangowokera. Titaika maliro, akuchimuna anandiveka zakuda: nsalu, bulauzi ndi mpango. Anandimanga mpangowo ndi alamu anga, mlongo wawo wa malemu. Kwathu kuno wamasiye amakhala m'zakuda mpaka amene anamuvekawo atabweranso kudzamuvula ndi kumumasula. Nthawi yonseyo suvina, suseka mokweza, supita kuukwati, ndipo yunifolomu yoyera ya amayi a kumpingo imakhala m'sutikesi. Sindinatsutse chilichonse. Mwamunayo ndinkamukonda, ndipo zakudazo zinkagwirizana ndi mmene mumtima munalili.

Koma mbalame sizidziwa maliro. Mpunga utatulutsa ngala, mpheta zinafika monga zimafikira chaka chilichonse. Ntchito yozipirikitsa inali ya malemu. Ankamanga zingwe kudutsa munda wonse, n'kupachikako zitini zokhala ndi timiyala, zingwe zonse n'kuzikumanitsa pansanja imene ankakhalapo. Ukakoka chingwe, zitini zimalira, mbalame zimadzuka. Chaka chimenecho pansanja ndinakwerapo ndine, ndi zakuda zangazo, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Mwa onse amene analira mokweza pamaliro, palibe anabwera kudzandigwirira chingwe ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina mwana wanga uja anatulukira kudambo ndi gitala, mnzake wojambula ali pambuyo ndi foni. Anati wapeka nyimbo ya bambo ake ndipo akufuna kuijambulira m'munda mwawo. Ndinati jambulani, koma musandipondere mpunga. Anakhala m'mphepete mwa munda, mapazi m'matope, n'kuyamba:

"Atate dzukani, mbalame zatha mpunga,
mwagona bwanji dzuwa lili pamutu?"

Inali nyimbo yapansipansi, yopanda ng'oma. Ine ndinali pantchito yanga, ndikukoka zingwe. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma zitini zinalowa m'gitala muja, dzanja langa likukoka motsata nyimbo. Kenaka chigulu cha mpheta chinatera kumapeto kwa munda. Ndinatsika pansanja, ndinakuwa mmene ankakuwira malemu, "Haaa! Chokaaa!" ndipo mbalame zitadzuka zonse pamodzi, chiuno changa chinapita chokha. Ndinavina. Ndinaseka kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro, misozi ikutsika nthawi yomweyo, matope mpaka m'mawondo.

Atamaliza kulumikiza zithunzizo, mwanayo anabwera kudzandionetsa asanaike pa intaneti. Anandifunsa ngati achotse pamene ndikuvinapo. Ndinaonera mpaka kumapeto, ndinati asachotse kanthu. Nenani kuti ndikukondera poti ndi wanga, koma vidiyo yoposa imeneyo sindinaione. Mulibe galimoto, mulibe magalasi akuda. Muli phiri kumbuyo, nsanja ya bambo ake, mtsikana akuitana munthu amene sadzadzukanso, ndi mayi ake akuchita zimene munthuyo ankachita. Aliyense woonera kuyambira poyamba amadziwa kuti kuvina kuja n'kulira.

Vuto ndi loti anthu a mafoni saonera kuyambira poyamba. Wina wake, sindimudziwa ndipo Mulungu amuone, anadula kachidutswa kamene ndikugwedeza chiuno, anachotsa nyimbo ya mwana wanga, n'kuikapo ng'oma yothamanga ya kumabala. Pamwamba analembapo kuti "wamasiye wamakono". Kachidutswako kanayenda kuposa nyimboyo. Ndikafika pamjigo amayi ankangoti zii, ndikachoka n'kumva kuseka kumbuyo. Anyamata a kabaza ankaimba mluzu ndikamadutsa. Zinandiwawa kwambiri, sindinama.

Sipanatenge nthawi, m'mawa wina alamu anga anafika ndi amalume awo a malemu. Ndinawayalira mphasa pakhonde. Titapatsana moni, amalumewo anangoyang'ana pansi, nkhani anaisiyira alamu.

"Alamu, mwatichititsa manyazi," anatero. "Achimwene sanaume n'komwe m'manda, inu mukuthyola dansi dziko lonse likuona. Nsalu imene ndinakuvekani ine ndi manja angawa."

"Mwaionera vidiyoyo?" ndinafunsa.

"Taona zimene aliyense waona."

"Ndikunena yonse, ya mwana wa achimwene anu. Foni ili m'nyumbamu, ndikutengereni?"

"Zonyansazo ife ayi. Mumuuze mwanayo azichotse pa intanetipo. Akapanda kuchotsa, ife kuno sitidzabwera kudzakuvulani. Mudzakhala choncho."

Ndinawauza kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo munthu wamkulu saweruza mlandu ndi kachidutswa kodulidwa ndi mwana wopanda mwambo. Ndinawafunsa kumene anali pamene mpheta zinkatha mpunga wa mlongo wawo. "Munandiveka nsalu, alamu, koma wopirikitsa mbalame simunandipatse. Ndikanakhala m'nyumba n'kumalira mwaulemu mmene mukufuniramo, bwenzi ana a achimwene anu akudya ulemuwo?" Amalume aja anatsokomola, anati tisakweze mawu. Ndinati pakhomo ndi panga, ndipo nyimbo imene mwana anaimbira bambo ake sichoka. Ananyamuka osatsanzika bwino.

Ndinkadziwa chimene ndasankha. Mkazi wosavulidwa zakuda amakhala ngati mlandu wake sunathe. Kutchalitchi anzako avala zoyera kutsogolo, iwe uli kumbuyo. Anthu amayamba kufunsana kuti akuchimuna akukaniranji, kapena pali chimene akudziwa pa imfa ija. Komanso mwana wa mng'ono wanga anali atatomeredwa, ukwati ukubwera, ndipo ine ndi amene ndinamulera. Zonsezi ndinaziona, ndipo usiku wake sindinadye.

Patapita masiku, ndinafuna kuimvanso nyimboyo ndikusankha mpunga pakhonde. Ndinaisaka pafoni, osaipeza. Ndinayesa kuti ndi netiweki, poti kuno imabwera ndi mphepo. Ndinapita kwa mayi woyandikana nane, nayenso anaisaka, n'kundiuza kuti yachotsedwa. Nkhani ya alamu inali itamufika mwana wanga, ndipo anachotsa nyimboyo osandiuza.

Mpunga ndinausiya pamphasa pomwepo, nkhuku zidye ngati zikufuna. Ndinakwera minibasi ya ku Zomba. Masana mwanayo amasoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo ndinamupeza ali pamakina, mapini kukamwa. Atandiona anaimirira.

"Amayi, kwagwanji?"

"Wachotseranji nyimbo ija?"

Analavula mapiniwo m'dzanja. "Anti anandiimbira foni. Akuti ndikachotsa abwera kudzakuvulani mukakolola. Amayi, ndi nyimbo chabe. Ndipeka ina."

"Bambo ako unali nawo angati kuti upeke ina?"

Anayamba kulira, anthu ogula m'sitolo akutiyang'ana. "Ndiye mukhala m'zakuda mpaka liti chifukwa cha ine? Anthu akukusekani, amayi. Ine sindikugona."

Ndinamukhazika pansi, nanenso ndinakhala pa benchi ya makasitomala. Ndinamufunsa ngati kachidutswa konyoza kaja nakonso wakachotsa. Anati sangathe, kali m'mafoni a anthu, kalibe mwini. "Ndiye taona zimene wachita," ndinatero. "Wachotsa choona, wasiya bodza. Lero munthu akafuna kudziwa chimene mayi ako ankavinira, akachipeza kuti? Watsala ndi wamasiye wamakono yekha, akugwedeza chiuno pa ng'oma ya kumabala. Iwe ndi azakhali ako mwagwirizana kuti ine ndikhale ameneyo."

Mwanayo anati akaibwezera nyimboyo, amene anaionera kale sawerengedwanso, iyambira pansi ngati yatsopano. Ndinati iyambire pansi, mpunga nawo timawokera chaka chilichonse. Sindinachoke pakhondepo mpaka ataibwezera ndikuona, ndipo ndinamuuza akweze mawu. Tinaionera tonse awiri, mayi wina wodikira diresi lake akusuzumira paphewa langa. Itatha, mayiyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kufunsa ngati bambowo anali amuna anga.

Tinakolola. Nyengo imene akanabwera kudzandivula inafika n'kudutsa, pakhomo panga osaoneka munthu. Ena kumpingo anandilangiza kuti ndingopita kukapepesa, ndi mawu chabe, munthu sufa nawo. Ena anati ndivule ndekha, masiku ano ndani amasamala zimenezo. Onsewo ndinawakanira. Kupepesa ndiye kuti ndavomera kuti ndinanyoza mwamuna wanga, pamene sindinamunyoze. Kuvula ndekha ndiye kuti ndathawa ngati wakuba. Mwambowu ndi wanganso, sindinaubwereke kwa alamu. Amene anamanga mpangowu ndi amene adzaumasule, ndipo tsiku limene adzabwere adzandipeza ndili pomwe anandisiya, nyimbo ili pomwe ili.

Sindikuti n'zopepuka. Lamulungu lililonse ndikaona anzanga akulowa ndi zoyera, mtima umandipweteka, ndipo masiku ena ndimabwerera kunyumba ndisanalankhule ndi munthu. Alamu tikakumana kumaliro timapatsana moni wa m'mano. Ndinamva kuti mwana wawo wina anawaonetsa vidiyo yonse, iwo anangodzuka n'kulowa m'nyumba. Chimene anaganiza m'nyumbamo akudziwa okha.

Nsalu imene anandiveka ija inatha. Dzuwa la kudambo linaiwaula mpaka inasanduka yotuwa, ndipo bulauzi inang'ambika m'khwapa moti zigamba zinakana. Ukwati wa mwana wa mng'ono wanga utayandikira, ndinapita kumsika ku Zomba, ndinasankha ndekha nsalu yakuda yatsopano, yolimba bwino, n'kukaiponya pamakina a mwana wanga. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutenga tepi yoyezera. Atafika m'chiuno anafunsa kuti asoke yothina bwanji.

"Usathinitse," ndinamuuza. "Loweruka ndikukavina nayo."