Chinsinsi Chimene Chinapita kwa Amalume

Kanali kamwala kosalala ka mumtsinje, kofanana ndi dzira la nkhunda, kotuwa, kokhala ndi mzere woyera pakati. Anandipatsa ndi aphunzitsi a uphungu m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, ndili mtsikana wa zaka khumi. Anali ndi timiyala totero tambiri m'chitini, ndipo mwana aliyense wotumizidwa kwa iwo ankatuluka nako kamodzi. Malangizo ake anali apafupi: mtima ukayamba kutentha, ufinye kamwalako m'dzanja, upume katatu pang'onopang'ono, uwerenge mpaka khumi usanachite kanthu. Ndiyenera kuvomereza kuti njirayo inkathandiza. Sindikufuna kuti zimene zinatsatira zindichititse kunama pa mfundo imeneyi.

Sukulu yaulere inali itangotha zaka zochepa chiyambireni. Tinali ochuluka kotero kuti kalasi yathu inkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, titakhalira njerwa. Chiperoni chikatsika m'phiri la Chiradzulu, choko chinkakana kulemba pa bolodi lonyowa, ife titabisa manja m'khwapa. M'mphepete mwa bwalo munkakhala amayi angapo ogulitsa zakudya pa buleki, ndipo mmodzi wa iwo anali mayi anga. Zitumbuwa zawo zinkayamba kutha chifukwa sankaumira nthochi. Bambo anali atabwerera kwawo ukwati utatha, monga amachitira akamwini, ndipo m'nyumba tinatsala awiri. Beseni la zitumbuwalo ndilo linkatidyetsa.

Mayi anayamba kutsokomola nthawi yokolola. Kuchipatala cha ku Nguludi anawapeza ndi chifuwa chachikulu, nawayambitsa mankhwala. Masiku amenewo munthu akamva za chifuwa chachikulu ankaganiza za matenda ena aja, amene anali kutha anthu m'midzi koma osatchulidwa dzina ngakhale pamaliro. Choncho mayi anabisa. Tsiku lokalandira mankhwala ankasenza dengu, nkuuza anthu kuti akukapikula nthochi. Khadi la kuchipatala linkakhala kudenga, pakati pa udzu ndi pulasitiki, ndipo popeza iwo sankadziwa kuwerenga, ndine ndinkawauza tsiku lolembedwapo. Anandichenjeza kamodzi kokha, mosakweza mawu: "Izi ndi za m'nyumba muno."

Ndinayamba kulawirira kukatunga madzi ndi kufinya nthochi, chifukwa mayi ankatopa msanga. M'kalasi ndinkasinza. Ndinkakwiya ndi zinthu zopanda pake. Tsiku lina pa buleki mnyamata wina anatsanzira katsokomoledwe ka mayi atapinda msana, anzake akuseka. Sankadziwa kanthu, ankangosewera. Ndinamuluma pamkono mpaka magazi anatuluka. Chilango cha mlandu wotero chinali kukumba dzenje la zinyalala lofika mumsinkhu mwako, koma ahedi anali ndi njira yatsopano imene ankafuna kuiyesa.

Aphunzitsi a uphungu anali mayi wachikulire pang'ono, wophunzitsa Sitandade 2, amene anatumizidwa ku maphunziro a masiku ochepa kuboma nabwerako ndi kabuku komanso udindo wolankhula ndi ana ovuta. Ofesi yawo inali chipinda chosungiramo makasu ndi mabuku ong'ambika. Munkamveka fungo la mileme. Anandikhazika pampando, osati pansi, ndipo panalibe munthu wamkulu amene anali atandichitirapo zimenezo. Sanandifunse chifukwa chimene ndinalumira mnzanga. Anandifunsa ngati ndinali nditadya m'mawa. Kenako anati ndizibwera Lachitatu lililonse tikaweruka, nanena mawu amene ndikuwamvabe ndi kamvekedwe kake komwe: "Zimene tikambe muno zithera muno, mwanawe."

Ndinapirira milungu itatu. Ndinkawauza za kuzizira, za masamu, za atsikana amene ankandiseka. Mlungu wachinayi ndinanena zonse: khadi, dengu, ndi chinthu chimene chinkandiopsa kwambiri, kuti mkodzo wa mayi unali wofiira. Anandimvetsera osandidula. Anandifotokozera kuti ndi mapiritsiwo amene amafiiritsa mkodzo, si magazi, ndi kuti chifuwa chachikulu chimachizika munthu akamamwa mankhwala mosadumphitsa. Palibe amene anali atandiuzapo kuti mayi angachire. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuthamanga.

Lamlungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, aphunzitsi anapita kwa amalume anga, tsidya la mtsinje kumene ankakhala kwa akazi awo.

Pano ndiyenera kulongosola mosamala, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkangoti anali munthu wabodza, ndipo zimenezo si zoona zonse. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Nkhani yolemera ya mwana sikambidwa amalume asanaimve. Kutero ndi kuwadumpha. Komanso munthu waulemu sakatula nkhani pakhomo pa eni ali yekha, amatenga mnzake woti akhale mboni. Aphunzitsi anatenga mayi wina wa m'komiti ya sukulu. Amalume, poona alendo awiri atakhala pamkeka, anaitana akazi awo ndi bambo wina wachikulire woyandikana nawo nyumba, kuti nawonso asamve okha. Aliyense anachita zoyenera. Palibe amene anaphwanya mwambo. Nkhani imene m'mawa tinkaidziwa anthu atatu inafika masana ikudziwika ndi anthu asanu ndi awiri, ndipo mayi, mwini wake wa chifuwacho, sanafunsidwe kanthu.

Pofika Lachisanu, mayi ankabwerera kunyumba ndi beseni lodzaza. Palibe amene anawanena poyera. Ana ankangowadutsa, nkukaima kwa wogulitsa wina, makolo atawaletsa. Ndikukumbukira fungo la zitumbuwa zogona, ndi mafuta ataundana pa nyuzipepala. Lero ndikudziwa kuti chifuwa chachikulu sichiyenda m'chitumbuwa, koma kudziwa kumeneko sikunalipo pabwalo lija.

Amalume anabwera pa njinga. Sanakalipe. Anati sukulu yadandaula kuti mwana akuwonongeka, ndipo analamula kuti mayi akhale ndi mbale ndi kapu yawoyawo, ine ndikakhale kwa iwo mpaka aone mmene zithere. Mawu akuti "mmene zithere" ndinawamvetsa bwino lomwe. Mayi anapinda madiresi anga awiri ndi yunifolomu, nazimanga m'chitenje. Anandiperekeza mpaka pamtsinje, amalume ali patsogolo akukankha njinga. Pamenepo mayi anandikonza kolala nati ndizikamvera, ndisamakadikire kutumidwa.

Lachitatu ndinapitanso m'chipinda cha makasu. Sindinakhale pampando.

"Munati zithera muno," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa, ngati munthu amene ankayembekeza kuthokozedwa. "Sindinauze munthu wakunja, mwanawe. Ndauza eni ake a iwe."

Ndaphunzira zambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo ndawerengapo malamulo olembedwa bwino onena za kusunga zinsinsi za ana. Amavomereza kuti pali nkhani zimene wamkulu sayenera kuzisunga yekha. Koma amanenanso kuti mwana auzidwe zimenezo asanatsegule pakamwa. Kaya kabuku kawo kanali ndi tsamba limenelo, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi chakuti analonjeza ndi mawu a m'kabuku, nkuchita monga mwa mudzi, osaona kuti ziwirizo zikutsutsana. Amene anaona ndi ine, ndipo ndinali ndi zaka khumi.

Kuyambira pamenepo sindinavutenso. Sindinkasinza, chifukwa kwa amalume kunalibe nthochi zofinya. Sindinkamenya munthu, chifukwa sindinkalankhula ndi munthu. Tsiku lotsekera teremu ahedi anandiitana kutsogolo kwa sukulu yonse, nati onani chipatso cha uphungu, mwana woluma uja lero ndi wofatsa kuposa onse. Anthu anawomba m'manja. Aphunzitsi a uphungu ankamwetulira, ndipo ndikukhulupirira kuti kumwetulirako kunali kochokera mumtima.

Mayi anamaliza mankhwala, nachira. Ndinabwerera kunyumba mvula itayamba. Malonda awo sanabwerere. Anayamba kuyenda m'maganyu a m'minda ya anthu omwewo amene analetsa ana awo kugula. Tsiku ndi tsiku ndinkadikira funso limodzi, loti ndani anaulula. Ndinali nditakonza yankho, kenako lina, kenako bodza. Funsolo silinabwere. Ndinaganiza kuti sakudziwa, ndipo ndinasunga mlandu wanga mosamala kuposa mmene ndinasungira matenda awo.

Pa msinkhu umenewo sindikanatha kumvetsa kuti m'nyumba ya anthu awiri funso lotero lili ndi yankho limodzi lokha, ndi kuti mayi sanafunse pofuna kuti ine ndisalinene ndi pakamwa panga.