Katoni ya Mabuku Oopsa pa Maliro a Mlongo Wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko nkudzuka, poti pa siwa munthu sugona, umangotsamira khoma. Amayi a kwaya anali atatopa, nyimbo itatsala pakamwa pa awiri okha. Mlongo wanga wamng'ono anali chigonere pakati pa nyumba, titamufunditsa nsalu yoyera. Panja mwera unali usanaleke chiyambire dzulo lake, ndipo nyanja inkalira ngati chigayo.

Ine sukulu sindinapondeko. Izi ndikunena pakamwa, akulemba ndi mpongozi wanga.

Mlongo wangayo anali fundi wa injini za maboti pa Mbamba Bay pano. Miyendo itafooka anabwera kudzakhala kwanga ndi katundu wake yense: masipanala, bulangete ndi katoni ya mabuku. Anali mabuku a nkhani zoopsa, zifupizifupi, zambiri m'buku limodzi, ena a Chiswahili, ena a Chingerezi. Masana ndikamasankha usipa pakhonde, iye amandiwerengera, za Chingerezizo akumasulira. Akamaliza tinkakangana. Ine ndinabadwa ndi nthano pakamwa, ndiye sindinamizidwa. Mabuku ena anali ngati mtedza wopanda maso: magazi, kukuwa, mitu kuduka, koma ukagona osakumbukako kanthu. Ena anali enieni. Munali ina ya mayi amene mwamuna wake ankabwera kuchokera kunyanja madzulo alionse zovala zili zonyowa, mayiyo nkuyanika, koma osauma, mlungu wathunthu osauma. Nkhaniyo inathera pomwepo, osatiuza chimene tonse tinali titachidziwa kale. Nkhani yabwino imatero. Imakusiya pakhomo, kulowa ulowe wekha, ndipo imatha tiyi asanazizire.

Achimwene athu aakulu anali atafika dzulo lake pa boti kuchokera kutsidya, ku Malawi. Ataona zikuto za mabukuwo, zigaza ndi akazi opanda mapazi, nkhope yawo inagwa. Anati zinthu zimenezi ndi zimene zinaitana imfa m'nyumba muno, ndipo zonse zilowe m'bokosi, zipite ndi mwini wake. Iwo ndiwo mwini mbumba. Akanena, anena. Usiku wonsewo ndinkalira mlongo wanga, komanso ndinkalirira katoniyo, chifukwa mawu ake onse amene ananditsalira anali mmenemo.

Kutacha, amayi anasonkha moto kuseri kwa khitchini. Mphepo inkabalalitsa utsi, ndipo anatchinga mafuwa ndi malata akale. Nyemba zinali pamoto, ena akusinja chinangwa, anyamata akusenda mbuzi. Anthu anayamba kufika. A ku Lituhi anabwera pa pikipiki, njinga zamoto zija, fumbi lili mbuu m'nsidze. A ku Liparamba anatsika pa lole ya makala. Asodzi sanalowe m'madzi tsiku limenelo. Anakhala pamchenga wa kuseri, zipewa zili m'manja. Aliyense polowa ankati pole, pole, ena pepani, malinga ndi kumene anayamwira.

Anafikanso atani athu, Angoni a kumtunda. Kwa amene simudziwa, atani ndi anthu a mtundu umene timanyozana nawo mwachibale. Pamaliro amachita chimene afuna: amalanda ndiwo, amanyoza malemu, amakhala pampando wa mkulu, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Mwa iwo munali mayi wina wonenepa, wogulitsa nthochi pa stendi ya mabasi. Ameneyo ankabwera kwathu masana ati kudzagula usipa, koma nkukhala mpaka nkhani ithe, usipa osagula. Analowa akulira mokweza, kenako anaweramira malemu nati, "Iwe fundi wabodza, injini ya mwamuna wanga idakali kutsokomola, wathawira kuti?" Anthu anaseka misozi ili m'masaya.

Bokosi litafika, ndinapempha achimwene kuti tionane kuseri. Ndinagwada, ndinanena motsitsa mawu. Ndinati, achimwene, ngati m'mabukumu muli zoipa monga mukunenera, mukufuna kumutsekera nazo m'bokosi mwana wa mayi athu, yekhayekha, kumdima? Ndinkayesa ndachenjera. Iwo anagwedeza mutu.

"Mwanena zoona, achemwali. Asapite nazo. Tizitenthe."

Pakamwa panga pomwe ndi pamene panayatsa motowo. Mkazi sakangana ndi mwini mbumba mtembo uli m'nyumba, anthu akumva. Achimwene ananyamula katoni okha, napita nayo kumene amayi ankaphika. Ine ndinatsatira pambuyo. Amayi anapatuka. Achimwene anatulutsa buku loyamba naliponya pansi pa mphika wa nyemba. Ndinachiona chikuto chake, chofiira chong'ambika pakona. Linali la mtedza wopanda maso lija, komabe mtima unandipweteka pomwe linkapindika.

Asanatulutse lachiwiri, mayi wa nthochi uja anafika ngati ng'ombe yothawa dibi. Anakankha achimwene ndi chiuno, nakhala pa katoni, phwatha.

"Shemeji, alamu anga, nkhuni zakutherani? Anyasa inu umphawi! Ichi ndi chathu, chatengedwa ndi atani."

Achimwene anati, mayi, izi si zoseweretsa, muli zinthu zoipa umo.

"Zoipa ndazikhalira ine. Zikandiluma ndikuuzani." Ndipo anatembenukira kwa ophika: "Inu, mchere mu nyembamo, malemu sanali wa shuga."

Amuna amene anali pafupi anayang'ana pansi kubisa mano. Achimwene anakhala kutsidya nthawi yaitali, koma mwambowu anaukumbuka. Mkulu wina wa mpingo anawagwira pamkono nawauza kuti nthawi ya mapemphero yakwana. Anachoka naye. Mayi uja anasenza katoni pamutu natuluka nayo pachipata. Sanandiyang'ane, ndipo sindinadziwe ngati ndidzaionanso, poti chimene mtani walanda, kubweza nkufuna kwake.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Asodzi ndiwo ananyamula bokosi, akulandirana. Njira ya kumanda imakwera pakati pa miyala ikuluikulu ndi minda ya chinangwa, ndipo mphepo inkatikankha kumbuyo ngati ikutifulumizitsa. Kwaya inali patsogolo, nyimbo ya Chiswahili. Ife ndi a kutsidya tinkayankha m'Chinyanja chathu. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anaimirira. Wa pikipiki wina anazimitsa injini mpaka tonse titadutsa. Kumanda dothi linali louma, lofiira. Abusa ananena mawu ochepa chifukwa mphepo inkawalanda pakamwa. Nditaponya dothi langa, linalira pa thabwa, ndipo mpamene ndinadziwa kuti masana a mawa pakhonde padzakhala ine ndi usipa basi.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, nayamba kubalalika. A kutali anathamangira lole. Amayi anakwecha miphika ndi mchenga, nazimitsa moto.

Dzuwa likulowa, mayi wa nthochi anatulukira, katoni ili pamutu, ataifunditsa chitenje cha kanga. Anaitula pamapazi pa achimwene, amene anali pakhonde.

"Ndayesa kuzigulitsa, palibe wofuna. Ndipatseni mutu wa mbuzi ija, mutenge zinyalala zanu."

Mpongozi wanga anathamanga kukatenga mutuwo. Mayiyo anaukulunga m'kanga, nandigwira dzanja kamodzi kokha, mwamphamvu, napita.

Tinatsala atatu. Achimwene anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti, ankakonda liti? Ine zilembo sindizidziwa, koma mabukuwo ndimawadziwa monga mayi adziwira ana mumdima. Ndinatulutsa lobiriwira, lokhala ndi chala cha girisi pachikuto. Achimwene anavala magalasi, natsegula, milomo ikuyenda popanda mawu. Anafika pansi pa tsamba, natembenuza. Anawerenganso lina. Atatseka, anapukuta magalasiwo ndi malaya kwa nthawi yoposa imene magalasi amafuna.

"Ndine ndinamuphunzitsa kuwerenga mwana ameneyu, pamchenga, ndi kamtengo," anatero. "Zikhale. Koma kukhitchini, osati m'nyumba yogona."

Ndinawomba m'manja, ndinati zikomo achimwene.

Mpongozi wanga anakweza katoniyo pa nsanja ya kukhitchini, pambali pa mbewu ya chimanga. Madzulo amenewo palibe anawerenga. Mwera unaleka. M'nyumba munatsala mikeka yopindapinda ndi fungo la anthu ambiri amene apita. Achimwene anagona pakhonde atafunda bulangete la malemu. Ine ndinakhala pakhomo la khitchini mpaka mpongozi wanga anabwera kudzakhala pambali panga. Iyeyu ndi wamantha, ngakhale buluzi amamuthawa, ndipo masiku onse mlongo wanga akamawerenga ankapita kukatunga madzi dala. Anandinong'oneza kuti, amayi, masiku a maliro akatha ndidzayesa, koma masana okhaokha.

Ndinamuuza kuti masana ndi bwino. Amawerenga mothamanga ngati akuthawa galu, koma popumira ndidzamuuza ndine.