Telala Yemwe Anaba Zithunzi za Mng'ono Wake

Foni inalira Telala akusesa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina. Ataona kuti akuimba ndi mng'ono wake, anaika tsache pansi n'kuyankha.

"Asisi, ndati ndikuthokozeni," anatero mng'onoyo, akuseka. "Sabata ino mwandipezera makasitomala ambiri."

"Ine? Makasitomala ake ati?"

"A patsamba lanu. Zithunzi za madiresi anga mwaika zija, pakona pake pali nambala yanga. Simunaione? Anthu akumaona kwa inu, n'kumaimba kuno."

Telala anatsegula tsamba lake n'kukulitsa chithunzi chimodzi ndi zala. Nambala inalipodi, timalemba totuwa, pansi pakona. Anakulitsa china, chimodzimodzi. Mayunitsi onse aja, omwe ankagula podzimana sopo, ankalengezera malonda a mng'ono wake.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi bizinesi yanu ya pa intaneti itazizira, musafulumire kumuseka mayiyu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mvetserani kaye mmene anafikira pamenepa.

Telala anali mwana woyamba kwawo. Anagwira ntchito zaka zambiri pafakitale ina yosoka mayunifolomu, mpaka m'mawa wina anapeza geti lili chitsekere. Bambo wa mwana wake anali atachoka kalekale osacheukanso. Anatsala ndi chipinda chimodzi cha lendi, makina opalasa ndi mapazi, ndi foni yong'aluka galasi.

Mng'ono wakeyo kwawo amangomutcha Mzime, poti ndiye wotsiriza kubadwa. Amene anamulera ndi Telala. Ankamubereka kumsana, kumupukuta mamina, kumusokera yunifolomu ya sukulu. Koma tsopano Mzime anali ndi tsamba lotsatiridwa ndi anthu miyandamiyanda. Ankaoda madiresi osokasoka, kuvala yekha, kudzijambula atapotokola chiuno, ndipo dzuwa lisanafike pamutu amakhala atalemba kale kuti, "Atha!" Munthu woti ngakhale batani satha kusokerera.

Tisabise Chichewa, Telala inamugwira nsanje, yeniyeni, yokhala pakhosi. Akadzuka, asanasukusule n'komwe, ankayamba waona tsamba la Mzime. Mzime akatsitsa mtengo, nayenso ankatsitsa. Mzime akayamba zikwama, iye n'kulengeza zikwama zoti alibe. Nsapato, mawigi, zonsezo anayesako. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mapeto ake ndi amenewo otenga zithunzi za mwini wake, poganiza kuti wina akafuna diresi amusokera lofanana nalo.

Mzime sanakwiye, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Bola akanatukwana.

"Asisi, mukuvutikiranji chonchi?" anapitiriza pafonipo. "Tsekani katsamba kanuko. Ine ndikufuna munthu wondisitira ndi kundilongedzera katundu. Bwerani, ndizikulipirani pamwezi. Mundiyankhe mwezi uno usanathe, chifukwa pali wina akuwafuna malowo."

"Ndamva," anatero Telala.

Anakhala pampando wa makina n'kulira. Ntchito ankaifuna, mwana anali pasukulu. Koma akaganiza zomapinda madiresi kuseri, mwana yemwe anamubereka kumsana akumuitana kuti "Asisi, tafulumirani" pamaso pa makasitomala, sankatha kuvomera.

Anafufuta zithunzi zakubazo chimodzichimodzi. Atatsala pang'ono kutsekeratu tsamba lonse, anaona uthenga wina womwe anali asanautsegule.

"Pepani mayi. Ndinaimba nambala ili pachithunzi, andiuza kuti sayizi yanga sakhala nayo. Kulikonse amandiyankha choncho. Ndine mphunzitsi, ndipo ndine wonenepa ndithu. Mwana wanga akulandira digiri sabata yamawa, koma ndilibe chovala. Ndaona mwalemba kuti mumasoka."

Telala anayankha nthawi yomweyo kuti abwere. Musaganize kuti chinali chifundo. Anangokondwa kuti pansi pano pali kanthu kena komwe Mzime alibe.

Aphunzitsiwo anafika mawa lake ataweruka, zala zikadali ndi choko. Anavala siketi yakuda ya lasitiki ndi malaya aamuna. Telala atawazunguliza tepi m'chiuno, iwo anakoka mimba n'kusiya kupuma.

"Pumani, mayi," anatero Telala. "Mukalandira diresili muzidzapumanso, si choncho?"

Aphunzitsi anaseka, kenako misozi inalengeza.

"Zithunzi za kunyumba kwathu ine mulibemo," anatero. "Ndimakhala wojambula anzanga. Akandikakamiza ndimaima kumbuyo kuti pazioneka mutu wokha. Ulendo uno mwana wanena kuti, 'Amayi, muima pambali panga.' Ndiye ndikaima nditavala chiyani?"

Telala anachotsa tepi m'chiuno mwawo. Thupi lake nayenso linali lomwelo. Ankadziwa zolowa m'shopu, wogulitsa n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti "zanu kulibe" usanatsegule pakamwa. Ankadziwa pomwe diresi limathina m'khwapa, pomwe limakwera kumbuyo ukamayenda, pomwe mabatani amayasama pachifuwa. Zaka zonsezi ankadzisokera zovala zake zomukhala bwino, koma sanaganizepo kuti amenewo ndi malonda. Maso anali kwa Mzime.

Diresi lija analisoka ngati akusokera mayi ake omubala. Aphunzitsi atabwera kudzayesa, m'khwapa munali mothina pang'ono. Iwo anati palibe kanthu, azolowera. Telala anakana, anasula n'kusokanso.

Mwambo wa digiri utadutsa, aphunzitsi anatumiza chithunzi. Anaima kutsogolo, pambali pa mwana wawo, dzanja lili m'chiuno, akumwetulira mano onse pamtunda. Telala anachiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku limenelo anafika masana asanatsegule tsamba la Mzime, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo.

Koma pansi pa chithunzicho aphunzitsi analembanso kuti, "Chonde musachiike patsamba. Ana a sukulu angandiseke."

Ndiye kuti tsamba linali lopandabe chithunzi. Kubanso sakanayerekeza. Chidole chovekapo zovala chomwe anakabwereka kwa telala mnzake chinali chowonda ngati bango, diresi linkangolendewera. Panatsala munthu mmodzi yekha woti n'kuvala, ndipo munthuyo anali asanadzijambulepo thupi lonse chibadwire.

Paja amati mbewa yamanyazi inafera kuuna. M'mawa mwake anavala diresi lake lokayendera, anatsamiritsa foni pabotolo la mafuta a makina, n'kukaima pakhoma pomwe dzuwa limafika. Chithunzi choyamba chinatuluka chopanda mutu. China chinamugwira akuthamangira pamalo, kukamwa kuli yasa. Mayi woyandikana naye nyumba, amene ankayanika zovala, anafunsa ngati zonse zili bwino. Pomaliza chimodzi chinatuluka chooneka. Anachiika, n'kulemba kuti, "Ndasoka ndine, ndavala ndine. Amayi a matupi ngati langali, bwerani ndikuyezeni."

Intaneti ilibe ulemu, abale. Wina analemba kuti, "Nsalu yonseyi si yokwana makatani a nyumba yathunthu?" Ena anaika tinkhope toseka. Telala anangotsala pang'ono kuchifufuta. Koma anazindikira chinthu china. Oseka ankasekera pagulu, pomwe ofuna ankabwera mwakachetechete ku uthenga wamseri. Namwino wina. Mayi wina wogwira ntchito kubanki. Mtsikana wina wofuna diresi la ukwati wa mchimwene wake. Onse ankayamba ndi mawu ofanana: "Ndakuonani. Mumayezera kuti?"

Mwina mukuganiza kuti nsanje inathera pamenepo. Matenda amenewa sachoka ndi jakisoni mmodzi.

Tsiku lina akudula nsalu ya namwino uja, foni ili pambali, anaona kuti Mzime watsegula shopu ya magalasi okhaokha. Maluwa pakhomo, riboni, anthu mbwee kumuyamikira. Maso ali pafoni, sizasi inkangoyenda yokha. Podzazindikira anali atadula manja awiri a mbali imodzi, ndipo nsalu yotsala sinali yokwana kudulanso. Anamuuza namwino zoona zake. Namwino anaimirira. Anapinda nsalu yake, kuiika m'chikwama, n'kutuluka. Sanabwerenso.

Kasitomala ameneyo sanamulande ndi Mzime. Telala ankadziwa zimenezo, ndipo zinamupweteka kuposa mawu a makatani aja. Kuyambira tsikulo, akagwira sizasi, foni ankaitsekera m'kabati. Ankaitulutsa nthawi ya nkhomaliro ndi poweruka, kuyankha amayi ofuna madiresi, kuika chithunzi chatsopano. Tsamba la Mzime ankalisuzumirabe, tisaname, koma atamaliza ntchito.

Mwezi unafika kumapeto. Pachingwe chokolekapo zovala panali madiresi ochepa chabe, osati oti munthu n'kudzitama nawo. Malipiro a kwa Mzime anali otsimikizika, awa ayi. Telala anavala diresi lake n'kupita kukapereka yankho.

Shopu ija inali yokongola kuposa pafoni. Magetsi akuwala masanasana, fungo la perefyumu, pansi poti munthu n'kudziyang'anirapo. Chilichonse chomwe ankaona chinkamubaya. Mzime anamuthamangira n'kumukumbatira, anamugwira dzanja n'kumulowetsa m'kachipinda ka kuseri, momwe munali tebulo, ayironi ndi makatoni.

"Malo anu ndi awa, asisi. Ndakuikirani ndi mpando wofewa, poti msana uja umakuvutani."

Telala anauyang'ana mpandowo. Unali wabwinodi.

"Mng'ono wanga, wachita bwino. Koma sindibwera."

"Malipiro achepa? Tikhoza kukambirana."

"Ayi. Pali amayi ena omwe akundidikira. Ndi ochepa, koma ndikatseka alibe kwina kopita." Kenako anawonjezera kuti, "Komanso pali china. Ine ndimakuchitira nsanje."

Mzime anaseka, akuyesa nthabwala. Ataona nkhope ya mkulu wake, kuseka kunatha.

"Ukalemba kuti 'Atha', ine tsiku langa limawonongeka," anatero Telala. "Ndikamabwera muno tsiku ndi tsiku, n'kumaona zonsezi, ndidzakuda. Ndiye iwe ndinakulera ndekha. Sindikufuna kudzakuda."

Mzime anakhala pa katoni. Kwa kanthawi anangoseweretsa makiyi m'manja.

"Ine ndikaika chithunzi, ndimayamba ndayang'ana ngati inu mwachiona," anatero motsitsa mawu. "Ndikapeza dzina lanu ndimasangalala. Ndimati asisi anga akundinyadira."

Mawu amenewo anamulowa Telala mpaka m'mafupa. M'mawa uliwonse womwe iye ankatsegula tsamba lija mtima ukutentha, mwanayu kuno ankakondwa kuti mkulu wake wabwera.

"Ndipatse nthawi," anatero Telala, akupukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndisoke zanga kaye. Ukadzapeza dzina langa tsiku lina, zidzakhala zoona."

Papita nthawi tsopano. Telala alibe shopu ya magalasi, ndipo omutsatira safika ngakhale theka la a Mzime. Koma anasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo china ndi choyezeramo, chili ndi katani ndi galasi lalitali loti munthu adzione yense. Mwana sanasiye sukulu. Amayi amabwera atauzana okha, wina kumuuza wina. Nsanje imamuyenderabe mwa apo ndi apo, makamaka Mzime akasintha galimoto, koma imapeza ali pamakina, ndipo sikhalitsa.

Inu amene mumadzuka n'kuyamba mwaona tsamba la mnzanu, ndikudziwa mmene pakhosi pamawawira. Nsanje ikhoza kukudzutsani m'mawa, koma singakuuzeni choti mugulitse. Izingokutumani kuthamangira zikwama lero, mawigi mawa, mpaka mutatopa ndi kudana ndi anthu omwe amakukondani. Kwinakwake kuli munthu yemwe aliyense akumuuza kuti "zanu kulibe", ndipo inu mukudziwa chomwe akusowa chifukwa nanunso munachisowapo. Mufuneni ameneyo, mumutumikire ndi mtima wonse, ngakhale atakhala mmodzi.

Akakusekani pagulu, pitirizani. Mukawononga nsalu, pepesani, mawa mudulenso ina. Tsamba lanu, ngakhale ena alitche katsamba, musalitseke lero. Limbani mtima, osautaya.