Agogo Okana Kukuwiza Wandel

Pabwalo la baseball, masewera omenya mpira ndi chibonga, ku San Pedro, agogo achipewa chobiriwira sasowa pokhala. Anthu adzaze bwanji, iwo amangowagunda ndi ndodo n'kumati, "Sunthani ana inu, ine matako ndilibe."

Chaka chatha timu yakwawo inagulitsa Wandel, woponya mpira amene anakulira mumsewu wa agogowa. Tsiku limene anabwera atavala malaya a adani, bwalo lonse linamukuwiza. Agogo anaimirira n'kuvula chipewa.

"Khalani pansi agogo, ameneyu si wathunso," anatero Ramona, woyandikana nawo nyumba.

"Agula malaya okha, mwanawe. Mkonowo unakula ndi nthochi zathu."

Wandel ataponya, womenya mpira wa timu ya agogo anangozungulira ndi chibonga chake, mpira osaukhudza. Agogo anawomba m'manja ali okha.

"Tiluza lero, Ramona, koma wotiluzitsayo tinalera ndife."