Nsungwi Zogwetsera Madzi M'dziwe

Chaka chimene mayi a kunyumba anamwalira, nsomba za m'dziwe lathu zinayamba kuyandama m'mamawa, kukamwa kuli yasa, ngati zikupempha kanthu. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo tsiku lililonse ndinkavuula makumba akufa angapo.

Mlangizi wa za nsomba atabwera, anati madziwo asowa mpweya. Anandionetsa pa foni makina a sola otakasa madzi, oitanitsa ku Limbe. Pamenepo ndinakumbukira kuti malemuwo ankapita kudziweko kunja kusanache, nkumamenya madzi ndi nsungwi. Zaka zonsezo ine ndinkayesa akuthamangitsa achule, ndipo sindinawafunsepo.

Makinawo sindinawafune, pakuti atawonongeka ndikanaitana yani? Ndinang'amba nsungwi zitatu ndi kuzilumikiza kuchokera kukamtsinje kotsika m'phiri, kuti madzi azigwera m'dziwe kuchokera pamwamba.

Patatha sabata, nsomba zinaleka kufa. Tsopano m'mawa uliwonse ndimakhala ndekha m'mbali mwa dziwelo, kumvetsera madzi akugwa. Phokoso lake ndi lomwe lija ndinkalimva ndili chigonere m'nyumba, osadzuka kukawathandiza malemuwo.